Mafayilo a Lachinayi

Lamulungu, 29 Januwale

Achemwali a Pokuaa afika nditangochoka ku Misa yachiwiri. Zilazi zinayi m'thumba, mano onse panja. Ndinadziwiratu kuti zilazi sizikwera trotro, minibasi zathu zija, kuchokera ku Techiman pachabe.

Nkhani yake ndi Boakye, mwana wawo. Wapeza mkazi. Akufuna abale akagogode pakhomo pa makolo a mtsikanayo, kukafunsira ukwati, Pasaka isanafike, ndipo mabotolo awiri a mowa wa shinapu agula kale. Koma tisanagogode, monga mwa nthawi zonse, wina ayambe wafufuza banjalo. Muli akuba? Muli khate, misala, khunyu? Akazi a m'banjamo amabereka? Amalume a Gyamfi aloza ine, poti mtsikanayo amakhala tauni yathu ino. Chifukwa chenicheni achemwali achinena okha: "Iwe umakhala pawindo pomwe matenda onse a kuno amadzera."

Pamene amatchula dzina n'kuti ndikusenda chilazi. Mpeni unandilowa chala. Ndi telala uja wa kuseri kwa siteji. Dzina lake sindilemba muno, ndizingoti N. Fayilo yake ya kuchipatala ndimaitulutsa ndi dzanja lomweli kamodzi pamwezi, Lachinayi. Mafayilo a Lachinayi ali ndi tepi yofiira pakona, ndipo kuno ngakhale mbuzi ikudziwa kuti Lachinayi ndi tsiku la a Atinga, namwino wa odwala matenda a maganizo ndi khunyu. Amabwera tsiku lokhalo ndi bokosi lawo la mankhwala, masiku ena amakhala akuzungulira m'midzi panjinga yamoto.

"Ukumudziwa?"

"Tauni ino ndi yaing'ono, achemwali."

"Sindinafunse kukula kwa tauni, Dufie iwe."

Ndinati ndifufuza. Banja likumana Loweruka kwa amalume.

Ndawaperekeza ku siteji ndikuwatukwana mumtima, Ambuye mundikhululukire. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikusunga mafayilo pachipatala paja, iwo amangondiona ngati chiboo chosuzumira. Nayenso N.! Anyamata onse a m'Ghana muno, iye kusankha wathu.

Lolemba, 30 Januwale

Ndachimwa, ndipo ndachimwa ndikudziwa.

Ntchito yanga ndi kutulutsa fayilo, kuitana dzina, kuipereka kuchipinda, kuibweza pashelefu. Kuwerenga za m'kati ayi. Tsiku loyamba ntchito ndinasayina chikalata cholumbira zimenezo. Kumbuyo kwanga pakhoma pali chipepala cha ufulu wa odwala, chinafwifwa ndi fumbi koma mawu akuoneka: za matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Chaka chatha anatiitaniranso maphunziro a lamulo la boma loteteza mbiri za anthu, tinadya mpunga wa jolofu, tinawomba m'manja. A Atinga amakonda kunena kuti, "Fayilo ili ndi mwini wake, Mayi Dufie, ndipo si inu, si ine."

Nthawi ya nkhomaliro ndinakhoma chitseko. Ndinadziuza kuti ndikungoona ngati mapepala ali m'malo mwake. Bodza loyamba.

Khunyu. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amamwa kambulu kamodzi tsiku lililonse. Anagwa komaliza zaka ziwiri zapitazo, ndipo a Atinga analemba kuti akasiya mankhwala chibwerera. Zaka zisanu ndi chimodzi sanajombepo tsiku lake. Lotsatira ndi pa 9 Febuluwale.

Ndinaibweza pashelefu. Chondinyansa n'chakuti mumtima ndinamva kukoma. Ndinati ehe, ndakugwira, iwe woyenda khosi lili m'mwamba ngati mwana wa mfumu. Boakye ndinamubereka kumsana ine, amayi ake ali kumsika ndi tomato wawo. Adzidzimuke tsiku lina mkazi ali gwaa pansi, mwana ali m'manja, moto uli pambali? Lamulolo analemba ndi anthu a ku Accra opanda ana a achemwali awo.

Korona ndayamba katatu, sindinamalize.

Lachitatu, 1 Febuluwale

Ndinapita kushopu kwake ndi nsalu yanga yakale, ati kukasoketsa bulauzi. Ndinaganiza kuti ndikamuuza aulule yekha, ine ndituluka woyera.

Kashopu kaudongo ndithu, ndisaname. Makina pakhomo, simbi ya makala patebulo. Atandiona anauza mayi amene amayeza diresi kuti abwere mawa. Sanandipatse mpando.

"Mayi, nsaluyo inasokedwa kale kawiri. Nenani zomwe mwadzera."

Ndinayamba mozungulira, kuti ndine mayi wake wamng'ono wa Boakye, kuti banja landituma. Akudziwa, akuti. Ndiye ndinafunsa mwachindunji ngati Boakye akudziwa za Lachinayi.

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumasilipasi. "Funsolo mwafunsa ngati ndani? Ngati mayi ake aang'ono, kapena ngati mayi a pawindo? Chifukwa mayi ake aang'ono sadziwa kanthu za Lachinayi. Ndipo a pawindo alibe mwana dzina lake Boakye."

Kamwana kadzulodzulo kundiphunzitsa ntchito! Mtima unandikwera. Ndinati, "Usanyade poti wakhala zaka ziwiri osagwa. Chinthu chimenecho sichitha."

 

"Zaka ziwiri," anatero pang'onopang'ono. "Zimenezo sizinalembedwe pachikuto. Mwatsegula."

Anapitiriza.

"Ndikangopita kwa akuluakulu a chipatala, ntchito yanu yathera pomwepo. Mukudziwa?"

Ndikudziwa. Anandiponyera nsalu yanga. Funso langa sanayankhe, ndiye kuti Boakye sadziwa, apo ayi akanabisiranji? Wachinyengo. Ndipo tsopano wandigwira pakhosi. Ndinapita ndi miyendo yanga kukamupatsa chingwe.

Lachisanu, 3 Febuluwale

Chitseko cha abwana chikangotseguka, ndimati andiitana. Sanandiitane. Akudikira chiyani mtsikana ameneyu? Fumbi la chilimwe lino landiumitsa milomo mpaka kung'ambika. Mwina ndi Mulungu akundiuza kuti nditseke.

Loweruka, 4 Febuluwale

Kwa amalume. Anthu asanu ndi awiri pakhonde, fufu, nsima yathu ya chinangwa, akusinjidwa kuseri, mabotolo aja ali patebulo ngati alendo. Boakye kunalibe, mwini nkhani sakhalapo pa zotere.

Ndinapereka zomwe ndinapeza. Bambo ake ndi mlimi wa koko, sanamangidwepo. Mayi ake anabereka asanu ndi mmodzi, onse amoyo. Agogo ake anafa mano ali m'kamwa. Amalume, omwe khutu limodzi linagontha, anati, "Mano? Ndiye amatafuna bwino, tigogode!" Anthu kuseka. Ndinati ndapulumuka.

Achemwali sanaseke. "Nanga kuchipatala?"

Ndinati za kuchipatala sindingalankhule, ndinalumbira, lamulo silindilola.

"Lamulo? Layamba liti?" Anayamba kuwerenga ndi zala. "Pa mkazi wa Ofori unati, ameneyo alibe fayilo kwathu. Pa mkazi wa Twumasi unati, anangobwera ndi malungo basi. Pa mwamuna wa Afrakoma unati, njira ndi yoyera, ndaona ndi maso anga. Katatu konse lamulo linali kutchuthi? Lero labwerako?"

Zoona zokhazokha. Nthawi zonsezo sindinkaona ngati ndikuulula kanthu. Kunena kuti munthu ali bwino, ndani angadandaule? Ndinkanyada nazo, ankandipatsa ntchafu ya nkhuku. Sindinadziwe kuti ndikukumba dzenje la wachinayi. Tsiku lomwe ndidzakhale chete, chete wangayo adzafuula.

Anatulutsa korona wanga m'kachikwama kanga, popanda kupempha, n'kumuika patebulo pafupi ndi mowa. "Iwe sunama, tonse tikudziwa, mwana wa ansembe. Gwira apa unene kuti njira ndi yoyera. Mawu atatu okha."

Sindinagwire. Kunama pa korona sindingathe. Kuulula sindingathe. Mapanga awiri avumbwitsa.

Amalume anayesa kuziziritsa, ati mwanayu ali pantchito ya boma, musiyeni. Achemwali anamwetulira, kumwetulira kwawo kwa pamsika akafuna kugwetsa mtengo wa mlimi. "Chabwino. Bondo langali likundivuta. Ndibwera kwanuko andione. Lachinayi ndiye ndili ndi mpata."

"Lachinayi ayi!"

Zinangotuluka. Mokweza. Ngakhale khutu logontha la amalume linamva. Wosinja fufu kuseri anaima.

"Oho," anatero achemwali. "Lachinayi."

Sindinatchule dzina la matenda. Sindinatchule kanthu. Ndikulemba apa kuti Mulungu aone: sindinanene kanthu.

Lamulungu, 5 Febuluwale

Sindinalandire Ukaristia ku Misa. Ndinatsala pabenchi ngati wachikunja, mayi Badu, anzanga a kutchalitchi, akundiyang'ana cham'mbali.

Lachinayi, 9 Febuluwale

Ndikutsegula windo seveni koloko, achemwali ali kale pabenchi. Malo oyang'ana kugeti. Bondo analikulunga nsanza, pamiyendo pali mbale ya mtedza, akuswa n'kumagawira odwala ngati kwawo. "Mwadzuka bwanji, akalaliki?" Kundilonjera pagulu chonchi.

Benchi ndi ya aliyense, sindingawathamangitse. Ndinawapangira kadi msangamsanga kuti aonedwe apite. Anati sakufulumira, ayambe ena, iwo ndi Mkhristu.

Ndinaitana mayina monga mwa masiku onse, fayilo m'manja, tepi yofiira ikuonekera kutali. Lero koyamba ndinamva mmene mawu anga amamvekera. Dzina la munthu, la bambo ake, mpaka kumsewu. Achemwali amatembenuka kuona aliyense woimirira.

Cha m'ma naini N. anafika pageti, ambulera m'manja. Ndinamuona ine, pakati pa mipiringidzo ya windo. Anaima. Anaona mpango wachikasu wa achemwali. Pamenepo n'kuti iwo atawerama kutola mtedza. Anatsitsa ambulera kubisa nkhope, n'kubwerera.

Fayilo yake inatsala yokha m'thireyi. Madzulo a Atinga anaitenga, kuitembenuza. "Uyu sajomba. Mayi Dufie, simunamuone?"

Ndinati anthu anali ambiri lero.

Si bodza. Anali ambiri. Ndatopa nako kusanama kwanga kumeneku, kukununkha kuposa bodza.

Lachisanu, 10 Febuluwale

Ndikanawauza a Atinga chifukwa chake, akanamupititsira mankhwala kunyumba panjinga yawo, amachitira ena. Koma akanafunsa kuti mayi wa pabenchiyo ndani, wadziwa bwanji tsiku. Ulusi umenewo ukakokedwa ukuthera pa ine. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mwamuna ndilibe, munda ndilibe. Ndikachoka pawindo ndipita kuti, kukanyamulira achemwali mabasiketi?

Ndiponso N. si mwana. Ali ndi miyendo, ali ndi foni. Akanalowa mutu uli m'mwamba muja amachitira. Ngati akuopa apongozi asanakwatiwe n'komwe, ndi mlandu wanga? Mwina ali nawo otsala. Anthu amasungako.

Lachiwiri, 14 Febuluwale

Ndinadzera kuseri kwa siteji. Ali pamakina, ali bwinobwino, akuseka ndi kasitomala. Mwaona. Ndikudzivutitsa ndi munthu woseka.

Lachinayi, 16 Febuluwale

Abweranso. Tsopano ndi bondo linalo.

A Atinga akuti anamuimbira N., anayankha kuti ali paulendo, abwera sabata ino. Sanabwere. Sanafike ngakhale pageti, kapena anaona mpango ali patali, kaya.

Masana ndinawakokera achemwali kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinati apite kwawo, akuchititsa manyazi, tomato wawo akuola ku Techiman.

"Aole. Tomato ndidzagula wina, mwana ndili naye mmodzi."

Ndinati pano ndi pachipatala, anthu amabwera ndi zinsinsi zawo, si bwalo la mpira.

"Zinsinsi! Iwe unaphunzira mpaka sekondale ndi thukuta langa kuti uzisungira alendo zinsinsi, magazi ako akulowa m'dzenje? Ngati palibe kanthu, ukundithamangitsiranji?"

Ndinawatcha mfiti. Ndinatero ndithu, ine wa m'bungwe la Amayi Achikatolika, pafupi ndi thanki, wochapa zovala akumva. Anaseka. "Mfiti imadya ana a eni. Ine ndikulondera wanga. Ndidzakhala pabenchipo Lachinayi lililonse mpaka Yesu adzandipeze pomwepo."

Pobwerera ndinakumana ndi a Atinga pakhonde, bokosi lili kale pamsana pa njinga. "Sabata yamawa akapanda kubwera ndimulondola kushopu," anatero. Ndinatsegula pakamwa. Ambuye, munaona kuti ndinatsegula. Ndinati, "Muyende bwino."

Lolemba, 20 Febuluwale

N. wagwa.

Cha m'ma leveni, phokoso pageti. Anabwera naye pangolo ya matumba, anthu akutsatira ngati maliro. Akuti amasita diresi pakhomo pa shopu, anangouma n'kugwa, simbi inatsegukira pa iye. Makala pamkono, paphewa, mpaka m'khosi. Anthu a pasiteji anali pompo, ambirimbiri, koma ataona thovu kukamwa onse anabwerera m'mbuyo, ati likakukhudza nawenso uyamba. Anaima mozungulira kuonerera nsalu ikunyeka pathupi pake. Anachotsa makalawo ndi mayi wina wachilendo wogulitsa anyezi, wa kumpoto, ndi manja ake.

Adokotala anakuwa kuti fayilo. Ndinathamanga, sindinafunikire kufunafuna, dzanja likudziwa malo. Podutsa pakhonde ndinabisa tepi yofiira ndi mpango wanga. Ndinabisira ndani? Tauni yonse inali itaona kale zoposa tepi.

Maso ake anali otsegula koma sanali kuona. Fungo lija. Ndinakasanza kuseri kwa thanki.

Mayi wina pabenchi: "Telala uja? Ndiye madiresi athu amawagwira ndi manja omwewo?" Mnzake: "Ine yanga ndikaitaya." Ndinafuna kuwaponyera sitampa kumaso. Koma iwo angolankhula. Ine ndinatsegula.

Palibenso chobisa, ndilembe dzina lake. Nyarkoa. Nyarkoa Amponsah.

Lachiwiri, 21 Febuluwale

Achemwali afika m'mawa, mabondo onse awiri achira. Anandipeza pawindo, n'kuika phukusi pashelefu. Nsalu yatsopano, ya mtengo wake, yobiriwira. Mokweza, kuti mzere wonse umve: "Mng'ono wanga uyu ndi mngelo. Sananene kanthu, koma watipulumutsa." Amalume akuti za kugogoda zatha, mabotolo abwezedwe kusitolo.

Akulankhula choncho, Boakye anali kumbuyo kwawo. Ovololo ya kugalaja, chakudya cha wodwala m'manja. Wagona pakhonde la wodi.

Amayi ake anayamba zoti mwana wanga, Mulungu wakuonetsa nthawi isanathe. Sanawayang'ane. Anayang'ana ine.

"Zaka zitatu ndikudziwa. Anandiuza sabata yachiwiri, ndisanamugulire ngakhale fanta. Kugwa komaliza kuja mutu wake unali pamiyendo yanga. Foni yangayi imalira sikisi koloko m'mawa uliwonse kuti ndimukumbutse kambulu." Anatulutsa foni kundionetsa, ngati ndapempha umboni. "Masabata awiri awa amandiuza kuti wamwa. Amaopa kuti ndikadziwa zoti amayi akulondera pabenchi, ndidzayambana nawo."

Achemwali anati ndiye unkafuna kutilowetsera chimenechi m'banja mwakachetechete? Iye anati, "Chinali chake, amayi. Chake ndi changa. Inu chinakupezani bwanji?"

Achemwali anandiloza ndi mlomo. Monyadira.

Ndinati, Boakye mwanangu, sindinanene kanthu. Ndinati ngati amalume akana, ndikuperekeza ine kukagogoda, bambo ake sangatsegulire mnyamata wopanda mbale.

"Inu? Mukagogode ndi dzanja liti, akalaliki?"

Akalaliki. Mwana amene ndinamutafunira nthochi. Analowa kuwodi osatembenuka.

Nsalu ija ili pansi pa tebulo kuntchito. Sindikufuna igone m'nyumba mwanga.

Lachitatu la Phulusa, 22 Febuluwale

Ndinakalapa Misa isanayambe. Ndinanena zonse popanda mayina, ngakhale ansembe nawonso amadutsa pasiteji, si ogontha. Ndinayamba ndi achemwali, mmene anandipanikizira, korona patebulo. Anandidula. "Mwabwera kudzalapa machimo a achemwali anu?"

Ndinati sindinaulule ndi pakamwa.

"Ine munthu akandifunsa ngati uje anabwera kudzalapa, sinditi inde, sinditi ayi. Ngakhale za woyera mtima sinditi ayi. Mukudziwa chifukwa chake tsopano."

Ndinakwiya nawo. N'zosavuta kwa iwo, alibe achemwali okhala pabenchi, ndipo palibe angawachotse ntchito. Anati chikhululukiro andipatsa, koma chilango si Atate Athu atatu. Pali mayi wina wachisanu, wachisanu ndi chimodzi, amene adzabwere pawindo lomwelo. Akuluakulu a chipatala ayenera kudziwa pomwe denga likudontha.

Phulusa pachipumi tsiku lonse. Odwala amandiyang'ana mwaulemu, mayi wopemphera. Ndinapita kawiri mpaka pakhomo la wodi. Kachiwiri ndinamva mawu a Nyarkoa akupempha madzi. Ndinabwerera.

Ndalemba kalata. Masamba awiri. Kutsegula fayilo, kushopu, katatu kaja ka akazi ndi amuna a eni, Lachinayi ayi, ambulera pageti, muyende bwino. Ndaiika m'buku la mapemphero. Kulemba si kupereka.

Lachinayi, 23 Febuluwale

Malo a achemwali pabenchi ali opanda munthu. Makoko a mtedza adakali m'ming'alu.

A Atinga anapita kaye kuwodi. Atatuluka anabwera kuchipinda changa, n'kutseka chitseko. Sindinawaonepo nkhope yotere. Ndinati basi, Nyarkoa wanena.

"Akuti anafika pageti pa 9, anaopa munthu amene anali pabenchi. Akuti wina wa muno anawerenga fayilo yake. Ndamufunsa katatu kuti ndani. Mukudziwa wandiyankha chiyani? Khosi lonse mabandeji, mawu akuchita kutuluka movutikira. Akuti, chimenecho ndi chinsinsi cha mwini wake, akafuna adzanena yekha." Anamenya shelefu ndi chikhatho. "Odwala anga asanu ndi atatu sanabwere lero. Amva kuti chipatala chino chimalankhula. Mayi Dufie, inu mumaona aliyense. Ndani?"

Ndikanatha kunena kuti anthu anali ambiri.

Masabata atatu chingwe chili m'manja mwake, osakoka. Ndikanakonda akanandinenera. Ndikanamuda bwinobwino, mtima uli m'malo.

Ndinatulutsa kalata m'buku la mapemphero. Anawerenga ataimirira, masamba onse awiri, kenako anabwereranso poyamba. Sanakuwe. Anangotambasula dzanja: "Makiyi." Ndinamasula pachingwe cha m'chiuno. Anati kalatayo ipita kwa abwana, kuchoka apo kuboma, ndipo sakudziwa kuti zithera pati. Anaona phukusi pansi pa tebulo, anati nditenge katundu wanga. Ndinati si wanga.

Andiuza kuti ndidikire panja. Ndikulemba izi pabenchi, buku lili pabondo. Malo opanda munthu anali amodzi okha, a achemwali aja. Kuchokera pano geti ikuoneka yonse. Boakye wadutsa ndi fulasiki, wandiona, wapitirira. Pawindo aikapo namwino wa kusikelo ya ana, sadziwa mashelefu, akungosokoneza. Mayi wa pambali pangayu wandifunsa kuti ndikudwala chiyani.

Aitana. Dufie Agyemang, dzina lonse, mpaka kumsewu. Benchi yonse yatembenuka.